Bala la Kapitawo

Lilongwe
6 Meyi 2024

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Golomoti. Ine ndinafika bwino, ndipo lero ndalowa ntchito. Ndikulemba kalata chifukwa foni yanu ndaimba kangapo koma ndi yozimitsa. Ndikudziwa mudzati mukusunga batire. A Yusufu, oyendetsa galimoto aja, andiuza kuti azibwera kuno ndi mpunga kawiri pa sabata mpaka kukolola kutatha, ndiye makalata athu azidzera mwa iwowo.

Nkhani ndi ya mphaka wathu Kapitawo. Pamene ndimakuonetsani katsukidwe ka bala lake maso anu anali kumunda, ndiye ndikubwereza. Waya wa msampha uja unamucheka kwambiri mwendo wakumbuyo, koma fupa silinathyoke. Akasamalidwa apola.

Muziwiritsa madzi okwana theka la lita, n'kuthiramo supuni yaing'ono ya mchere, n'kudikira azizire. Mumukulunge m'chitenje ngati khanda, mwendo wovulalawo wokha ukhale kunja, kuti asakukandeni. Mutsuke ndi thonje m'mawa ndi madzulo, kenako mumange bandeji yatsopano. Musathinitse, chala chanu chizitha kulowa pansi pake. Kolala ya pulasitiki ndinamuveka ija musamuvule ngakhale alire bwanji, chifukwa akanyambita balalo ndiye kuti tayambiranso. Piritsi muziphwanya theka n'kusakaniza ndi usipa wowiritsa wopanda mchere. Asatuluke panja mpaka nditanena.

Pabala musapake oilo wa galimoto, kapena phulusa, kapena chilichonse chimene anzanu a pabawo angakulangizeni. Ndipo chonde, panado ayi. Kwa mphaka panado ndi poizoni, kachidutswa kokha kamapha. Kuntchito kuno ndaona amphaka akufa chifukwa eni ake anawamvera chisoni n'kuwamwetsa panado.

Ndikudziwa mumati ndinataya sukulu pophunzira unamwino wa ziweto pamene anthu akusowa anamwino. Zimenezo tidzakangana tsiku lina. Koma mphakayu anali wa malemu amayi, ndipo mpunga ukalowa m'nyumba mudzamufuna.

Mundiuze mmene zikuyendera.

Ine mwana wanu,
Eneles


Golomoti
10 Meyi 2024

Mwana wanga Eneles,

Moni. Kuno tili bwino, kaya iwe ndi amphaka ako a m'tauni. Kalata yako ndalandira. Kutalika kwake yandikumbutsa malamulo a njanji amene ankatiloweza pamene ndinali kalaliki pa siteshoni, kungoti ajawa ankatipatsa malipiro tikaloweza.

Zonse ndikuchita. Chitenje cha mayi ako chimene ndimamukulungira chasanduka nsanza. Kolala ija ikumugunditsa m'zitseko ndi m'miyendo ya tebulo, ndipo wagwetsa kale makapu awiri. Anthu odutsa akamuona pazenera akumandifunsa ngati mphaka wanga akugwira mpira wa kunja ngati dishi ya kanema. Ine munthu wamkulu ndikuwiritsira mphaka usipa, kenako n'kumunyengerera kuti adye. Mayi ako anamutcha Kapitawo chifukwa chokhala pampando wanga n'kumayang'ana ena akugwira ntchito. Panopa udindowo waukwaniritsa.

Bala la waya lija likuuma. Koma pali vuto lina. Wapondanso botolo losweka m'ngalande ya kumunda ku Bwanje, ndipo lamucheka pansi pa phazi, penipeni pamene amapondera. Si bala lalikulu koma ndi lakuya. Kodi katsukidwe kake n'komweko? Nanga ngati akufunika kuyenda, pali njira yomangira kuti matope asalowe?

Thonje ndi mabandeji zikutha msanga. Utumize zambiri, ndipo mabandejiwo akhale otambalala kuposa aja. Mapiritsinso uwonjezere.

Mpunga wacha. Mbalame zikuvuta kwambiri chaka chino, ndipo sindingachoke kumunda ngakhale tsiku limodzi. Azakhali ako a Agnesi akuti adzabwera kuchokera ku Mtakataka kudzathandiza kumweta, koma ukuwadziwa, adzafika ntchito itatha n'kumanena kuti tamweta molakwika.

Ndine bambo ako,
Lameck Chadzunda


Lilongwe
14 Meyi 2024

Okondedwa Ababa,

Moni. Ndili bwino, kungoti kalata yanu yandidwalitsa mutu.

Ndinalemba momveka kuti asatuluke panja. Mphaka wa mwendo wa bandeji, wovala kolala imene mukuti ikumugunditsa m'zitseko, anafika bwanji kungalande ya ku Bwanje? Munamukweza panjinga? Ababa, ine kuno ndimakhalira kukangana ndi anthu amene amamva malangizo n'kukachita zawo, kenako n'kubwera ndi chiweto chitatsala pang'ono kufa. Sindinkayembekezera kuti nanunso mukhala m'gulu limenelo.

Funso lanu lakuti ayende bwanji m'matope lilibe yankho. Asayende. Akhale m'nyumba, pamalo ouma. Bala la pansi pa phazi ndi lovuta kuposa la waya lija chifukwa nthawi iliyonse akaponda limatseguka. Mutsuke ndi madzi a mchere omwewo, ndipo muyang'anitsitse ngati mulibe kachidutswa ka botolo kotsalira.

Ndatumiza thonje, mabandeji ndi mapiritsi ena. Sindikumvetsa chimene mukufunira mabandeji otambalala paphazi laling'ono ngati limenelo, koma ndaikamo. Musamukulunge mwendo wonse ngati mtolo wa nkhuni.

Tsopano mundiyankhe izi mosabisa. Kodi phazilo latupa, ndipo likutentha mukaligwira? Pabala pakutuluka chiyani, ndipo pakununkha? Akudya? Mphaka akasiya kudya kwa masiku angapo chiwindi chake chimawonongeka, choncho musanyozere. Akumwa madzi bwanji? Mutukule mlomo wake wam'mwamba muone nkhama. Zikhale zofiirira bwino, osati zotuwa.

A Yusufu ali ndi foni yojambula. Ndawapempha kuti ajambule balalo anditumizire. Musawakanize.

Inuyo muli bwanji? Kumunda musamakhale dzuwa lonse opanda chipewa.

Ine mwana wanu,
Eneles


Golomoti
21 Meyi 2024

Mwana wanga Eneles,

Moni. Katundu ndalandira, zikomo. Kukalipa kwakonso ndalandira. Unatengera mayi ako.

Ndiyankhe mafunso ako monga mwa ndondomeko yake. Phazi latupa, ndipo kutupako kwafika m'kakolo. Likutentha. Pabala pakutuluka madzi achikasu, ndipo fungo lilipo, ngakhale ndikutsuka monga unanenera. M'mbali mwa bala mwayamba kuda, ndipo zala ziwiri zakumapeto sizikumva kanthu ndikazitsina. Kudya akudya pang'ono. Madzi akumwa kwambiri, mtsuko sukuchedwa kutha, ndipo akutaya madzi pafupipafupi. Madzulo amanjenjemera ngati wagwidwa malungo. Nkhama ndaziona, n'zotuwa pang'ono, koma mwina ndi galasi langa, ndi lakale.

Panado sindinamupatse, ngakhale ululu ndi waukulu ndithu.

A Yusufu anabwera ndi foni yawo koma anali pachangu, ndipo mphaka anali atabisala kudenga. Adzajambula ulendo wina.

Ndikufunsenso kanthu kena. Mnzanga wina ali ndi mbuzi imene ili ndi bala longa lomweli. Kodi chiweto chikakhala chachikulu kuposa mphaka, mwina kakhumi kapena kupitirira apo, mapiritsi aja chingamwe angati? Theka likuoneka kuti silikugwira. Undiyankhe msanga, mwini wake akuvutika.

Tayamba kumweta. Ndime ya kumtunda yatha, yatsala ya kumadzi. Ndikangomaliza imeneyo ndidzakhala ndi nthawi yochita zonse zimene ukufuna.

Ndine bambo ako,
Lameck Chadzunda


Lilongwe
24 Meyi 2024

Ababa,

Moni. Kalata yanu ndawawerengera adokotala a ziweto amene ndimagwira nawo ntchito. Onse tagwirizana chimodzi. Phazi limenelo likuwola, ndipo matenda ayamba kulowa m'magazi. Ludzu ndi kutaya madzi pafupipafupi zikutikayikitsa kuti mwina alinso ndi shuga, ndipo ngati zili choncho bala silingapole ndi madzi a mchere okha. Izi zapitirira zimene mungathe kunyumba.

Mumuike m'dengu lotsekera, muyalemo nsanza, mumupereke kwa a Yusufu ulendo womwe uno. Musamudyetse m'mawa wake, mwina tidzafunika kumugoneka kuti tichotse zowolazo. Tikachedwa mwendo udulidwa, kapena afa.

Sinditumizanso mapiritsi. Za mbuziyo, mwini wake akaonane ndi alangizi a ziweto. Sindingapereke muyeso wa mankhwala kwa chiweto chimene sindinachione.

Mphaka amene phazi lake lafika pamenepo akwera bwanji kudenga? Ndatopa ndi nkhani zosagwirizana, Ababa. Musadikire mpunga. Tumizani mphaka.

Eneles


Golomoti
31 Meyi 2024

Eneles mwana wanga,

Ndine azakhali ako a Agnesi. Moni. Ndikanakuimbira foni, koma zimene ndikufuna kukuuza mayunitsi sangakwane, ndiponso ndikufuna uziwerenge uli wekha uchite manyazi bwinobwino.

Mphaka wako ndi ameneyo m'dengumo. A Yusufu anandiuza kuti wakhala ukuwavutitsa za mphakayu ndipo bambo ako akukaniza. Ndamugwira ndekha, wandikanda padzanja, ndipo mutenge usadzatibwezerenso. Umuyang'ane bwino. Wanenepa ngati nkhumba ya pa Khirisimasi. Pamwendo pamera kale ubweya. Dzulo wagwira khoswe ali chivalire chidishi chakecho. Sindikudziwa chimene ukumufunira mwachangu chotere pamene munthu akuwola m'nyumba.

Ndinafika Lachitatu. Ndinapeza bambo ako atakhala pakhonde, phazi lakumanzere atalikulunga mabandeji mpaka m'kakolo, ntchentche zili ng'waa. Anthu akuti akhala akupita kumunda atavala jumbo kuphaziko, akutsamira njinga ngati ndodo, kuyambira tsiku limene anaponda botolo m'ngalande. Nditamasula bandeji ndinathawira kuseri kukalavula. Munthu waonda, thalauza akumanga ndi chingwe.

Ndinati, "Achimwene, tiyeni kuchipatala ku Mua pompano."

Iwo anati, "Palibe chifukwa. Eneles akundithandiza. Ndimamulembera zonse, iye n'kumanditumizira mankhwala ndi malangizo."

Ndinati, "Nanga bwanji mukubuula chonchi osamwa ngakhale panado?"

Anati, "Eneles analetsa. Akuti pabala lotere panado ndi poizoni."

Ndiye ndikufunse, mwana iwe. Unaphunzira za agalu ndi amphaka, palibe amene anakuletsa. Koma unayamba liti kuchiritsa anthu pa kalata? Bambo ako enieni ukuwamwetsa timapiritsi ta theka tosakaniza ndi usipa? Ndinawaona ndi maso anga akuphwanya piritsi m'mbale. Ukuwaletsa mankhwala a ululu, ukuwasiya agone ndi phazi lotere, ndipo chimene chikukudetsa nkhawa ndi chakuti mphaka akwere galimoto apite ku Lilongwe. Mayi ako akanakhalapo sindikudziwa ukanawayang'ana bwanji.

Ine andikana. Ndayesa kuwakalipira, ndayesa kulira, ndaitana ndi akuluakulu a kutchalitchi. Akuti apita akamaliza ndime ya kumadzi, ndiponso akuti adikira mawu ako chifukwa iwe ndi amene ukudziwa za balali kuyambira pachiyambi. Ngati amamvera iwe yekha, lankhula. Ngati ntchito ya amphaka singakulole kubwera, undiuze, ndidziwe kuti ndili ndekha.

Azakhali ako,
Agnesi


Lilongwe
31 Meyi 2024

Ababa,

Ndikubwera ndi a Yusufu mawa m'mawa, ndipo kalatayi ndikupatsani ndekha m'manja. Ndikulemba chifukwa ndikudzidziwa. Ndikadzaona phazilo mawu adzandithawa, kapena ndidzanena zimene mwana sayenera kunena kwa bambo ake.

Kapitawo wafika. Ndinali nditakonza tebulo, madzi a m'mitsempha ndi mankhwala ogonetsa, ndipo adokotala anaimitsa ntchito ina kuti amudikire. Nditatsegula dengu anatuluka yekha n'kudumphira pa kabati. Ndinamugwira n'kuyang'ana mapazi onse anayi, kachiwiri, kachitatu. Palibe ngakhale kachipsera. Bala la waya munalisamala bwino kuposa anthu ambiri amene amabwera kuno. Kenako ndinawerenga kalata ya azakhali, ndipo ndinakhala pansi pasimenti pamaso pa anzanga onse.

Ndatenga makalata anu n'kuwawerenganso. Mabandeji otambalala. Mbuzi ya mnzanu. Munalemba kuti galasi lanu ndi lakale, ine n'kumaganiza kuti mukunena magalasi a m'maso, osati kalilole amene munadzionera nkhama zanu. Ndinakhala ndikukukalipirani kuti simukusamala mphaka, pamene inu mumandiuza za thupi lanu mzere ndi mzere. Ndakwiya nanu kwambiri, ndipo ndadzikwiyira ndekha.

Mwandichititsa chinthu chimene sindikanavomera. Mapiritsi aja muyeso wake ndi wa nyama yolemera ngati nkhuku. Kwa inu sanachite kanthu koma kukupusitsani kuti mukulandira chithandizo. Panado ndi woopsa kwa mphaka, osati kwa inu. Mwavutika ndi ululu masabata onsewa popanda chifukwa. Ndipo azakhali akuganiza kuti ndinadziwa zonse n'kusankha mphaka. Zimenezo mudzawafotokozera nokha, ine ndili pomwepo.

Munawauza kuti mukudikira mawu anga. Ndi awa. Zonse zimene ndinalemba za Kapitawo m'kalata yomaliza ija ndi za inu. Galimoto ikatsitsa katundu, mukwera, tipita ku Mua. Mpunga amweta ena. Mukakana, ndikhala pakhonde panu osabwerera kuntchito mpaka andichotse, ndipo mudzakhala mukundiona tsiku lililonse.

Ine mwana wanu,
Eneles


Mua
11 Juni 2024

Mwana wanga Eneles,

Moni. Ndikhulupirira unafika bwino ndipo kuntchito sanakudule masiku amene unakhala kuno. Ndikulemba nditakhala pabedi, mwendo uli pamwamba pa mapilo, ndiye usadabwe ndi zilembo zokhota.

Phazi langa lili chonchi. Kutupa kwatsika. Pamene panali zala ziwiri zija pakuuma, ndipo fungo latha. Adokotala anabwera dzulo, anayang'ana, anati phazi lotsalalo lipulumuka ngati ndisiya kuchenjera. Shuga akutsika koma sanafike pamene akufuna. Tiyi akundipatsa wopanda kanthu. Azakhali ako anandilanda ngakhale nthochi imene mnzanga wa bedi loyandikana anandigawira.

Kalata imene unandipatsa m'galimoto ija ndinaiwerenga utachoka. Unanena zambiri osafunsa chifukwa chake, ndiye ndikuuza. Mayi ako analowa m'chipatala akuyenda okha, akudandaula za chifuwa basi, atanyamula chikwama chawo m'manja. Ine ndinabwerera ndi chikwamacho. Palibe amene analakwa, ndikudziwa. Koma kuyambira pamenepo ndikaona geti la chipatala ndimabwerera. Nditaona bala la Kapitawo likutsekeka m'manja mwangamu, ndinati langanso litero. Ndikanakuuza kuti ndi langa ukanabwera tsiku lomwelo kudzandinyamula, ndipo ndi zimene unachitadi.

Azakhali ako ndawafotokozera kachiwiri kuti iwe sunadziwe. Anati, "Ndamva, koma nonse awiri ndinu ovuta." Kenako anapita ku Golomoti kukayang'anira omweta. Abwera dzulo akuti ndime ya kumadzi mbalame zinadya pafupifupi theka, ndipo zotsalazo makoswe ayamba kuboola matumba. Akuti ubweze mphaka. Ndinawakumbutsa kuti anakulembera kuti usadzamubwezenso. Anati sanalembe zimenezo. Usunge kalatayo.

Namwino amene amanditsuka anandifunsa amene anandiphunzitsa kumanga bandeji mosathinitsa. Ndinati mwana wanga, ndi namwino ku Lilongwe. Anati, "Chipatala chiti?" Ndinati, "Cha amphaka." Wodi yonse inaseka, mpaka wina wa bedi lapakona anatsokomola. Ndinawauza kuti aseke bwino, mwendo wa mphakayo uli ndi zala zonse.

Tsopano vuto ndi ili. Akuti ndikatuluka ndizidzibaya jakisoni wa shuga ndekha tsiku lililonse, pamimba. Andipatsa lalanje kuti ndiziphunzirirapo. Lalanjelo ndalibaya mpaka likudontha, koma ndikatembenuzira singano kwa ine mwini ndimangoiikanso pansi. Namwinoyu ndi mwana wabwino koma ali ndi odwala ambiri, amalankhula akuyenda. Azakhali ako anadzipereka kuti azindibaya iwowo. Ndinaona mmene anagwirira singanoyo, ngati akufuna kusoka thumba la mpunga, ndipo ndinakana.

Akuti anditulutsa Loweruka. Ngati ungapemphe tsiku limodzi, ubwere udzandionetse pang'onopang'ono, dzanja lako lili pamwamba pa langa, mpaka ndizolowere. Ubwerenso ndi nsapato zofewa zokulirapo, zakale zija akuti ndisavalenso. Iwe umabaya amphaka tsiku ndi tsiku, ena olusa. Ine ndidzakhala phee. Sindikanda.

Ndine bambo ako,
Lameck Chadzunda